KUCHOKERA PA CHIWONDO KUFIKA PA NAILONI: Mbiri ya Nsalu ndi Khungu Lathu

Madzulo ano tikambirana za nsalu, chinthu chimene chimakhudza thupi lathu usana ndi usiku, kuyambira tsiku limene azamba adatilandira kufikira tsiku limene abale adzatiperekeze kumanda.

Nkhaniyi idandipeza ndili mphunzitsi, ndisanayambe ntchito ya pawailesi. Nditamaliza maphunziro kukoleji ya aphunzitsi, ndidatumizidwa kusukulu ina ya pulaimale m'chigwa cha Shire, kumene dzuŵa la mwezi wa Okutobala limafika madigiri 40 ndi kupitirira. Ana ambiri a m'kalasi mwanga ankakhalira kudzikanda m'khosi, kumsana ndi m'khwapa. Ine ndidaganiza kuti ndi uve, ndipo tsiku lina ndidabweza mnyamata wina kuti akasambe. M'maŵa mwake kudabwera agogo ake. Adandipatsa moni mwaulemu, adagwira malaya a mdzukulu wawoyo naŵatikita ndi zala, kenaka adati: "Aphunzitsi, mwanayu amasamba kaŵiri patsiku. Koma nsalu iyi siimwa thukuta. Kodi inu mungavale jumbo dzuŵa lino?" Ndidasoŵa poyankha. Gogo amene sadapite kusukulu adadziŵa ndi zala zake zimene ine wasatifiketi sindidazidziŵe. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufufuza kuti nzeru ya gogoyo idachokera kuti, ndiponso kuti ifeyo tidaitaya liti.

Nthaŵi ya chiwondo ndi machira

Makolo athu asanaone nsalu ya m'sitolo ankavala zinthu zitatu: zikopa, chiwondo, ndi nsalu yoomba okha. Zikopa za mbuzi ndi za nyama zam'tchire ankazifufuta ndi kuzidzoza mafuta a nsatsi kuti zifeŵe. Chiwondo, chimene kwina amati nyanda kapena nkhwende, chinkachokera ku khungwa la mitengo monga mombo ndi kachere. Mwamuna ankasenda khungwalo, kupala mbali yokakala yakunja, kuliviika m'madzi, ndi kulimenya pachipika ndi kachibonga kufikira litatambasuka ndi kufeŵa. Chovala chimenechi chinkalola mpweya kudutsa, koma tisachikometse kopitirira muyeso. Mvula ikachinyowetsa chinkalemera ndi kung'ambika, kuchapa kwake kudali kovuta, ndipo nsabwe zinkapeza malo abwino obisalamo.

Nsalu yeniyeni idali ya thonje, ndipo thonjelo silidabwere ndi azungu ai. Amang'anja a m'chigwa cha Shire ankalima thonje, kulipota ndi kuomba nsalu zochindikala zotchedwa machira. Kale m'zaka za m'ma 1600 Apwitikizi a m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi ankagula machira ameneŵa ndi kukaŵagulitsa kwa anthu a kummwera kwa mtsinjewo posinthana ndi golide. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, adapeza thonje likulimidwa pafupifupi m'mudzi uliwonse, amuna akupota ulusi ndi kuomba nsalu pabwalo. Iye adalemba za mitundu iŵiri imene eni dziko ankaisiyanitsa: lina ankalitcha tonje manga, ndiye kuti thonje lachilendo, ndipo lina tonje kadja, thonje lakonkuno, la ulusi waufupi koma wolimba.

Chofunika kuona pa nthaŵi imeneyo nchakuti wovala ankadziŵa kumene chovala chake chachokera. Ankaudziŵa mtengo umene udasendedwa, munda umene thonje lidatoledwa, ndi dzanja limene lidaomba. Ankadziŵanso chimene chovalacho chimachita pathupi, pakuti amai ake ndi agogo ake adavalapo chomwecho. Nzeru ya gogo uja idachokera kumeneko.

Merikani ndi nsalu ya m'sitolo

Kuyambira zaka za m'ma 1830 zombo zochokera ku Salem, m'dziko la America, zidayamba kutula ku Zanzibar nsalu yoyera ya thonje yoombedwa ndi makina. Anthu a kugombe adaitcha merikani, ndipo amalonda a Chiswahili ndi a Chiyao adaloŵa nayo kumtunda kuno posinthana ndi minyanga ya njovu, ngakhalenso ndi anthu anzathu ogwidwa ukapolo. Kampani ya African Lakes, imene tidazoloŵera kuitcha Mandala, itakhazikitsidwa m'chaka cha 1878, nsalu idasanduka ndalama: amtengatenga ndi antchito a m'minda ankalandira malipiro awo m'mikwamba ya nsalu. Nsalu ya makina idali yopepuka, yosalala ndi yosavuta kupeza, motero oomba machira adayamba kuchepa m'midzi kufikira luso lawo lidazilala.

Thonje silidaleke kulimidwa, koma lidasintha ulendo wake. Bungwe la British Cotton Growing Association, lokhazikitsidwa m'chaka cha 1902, lidalimbikitsa ulimi wa thonje m'maiko a atsamunda kuti mafakitale a ku Lancashire asasoŵe ulusi. Mlimi wa ku Nsanje ankagulitsa thonje lake, thonjelo linkaoloka nyanja, ndipo nsalu inkabwera kudzagulidwa pamtengo wokwera m'sitolo ya mmwenye. Zinthu zidasintha titalandira ufulu, pamene fakitale ya David Whitehead and Sons idatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1967, ndipo thonje la ku Chikwawa, ku Balaka ndi ku Salima lidayamba kusanduka zitenje ndi kaki konkuno.

M'zaka zonsezi, ngakhale oomba adasintha, ulusi udali womwewo. Merikani, biriwita, kaki ndi chitenje, zonsezo zidali thonje. Khungu la Mmalaŵi silidaone chachilendo.

Ulusi wosamera m'munda

Chachilendo chidabadwira kutali. M'chaka cha 1935, ku Wilmington m'dziko la America, katswiri wina wa kampani ya DuPont, dzina lake Wallace Carothers, pamodzi ndi anzake adapanga ulusi wosachokera ku mbeu kapena ku nyama. Adautcha nailoni. Pa 15 Meyi 1940 masokosi aatali a amai opangidwa ndi ulusiwu adayamba kugulitsidwa m'dziko lonselo, ndipo anthu adaŵakanganirana. Nkhondo yachiŵiri itakula, nailoni idatengedwa kukapanga maparachuti ndi zingwe za asilikali.

M'chaka cha 1941, John Rex Whinfield ndi James Tennant Dickson adapanga ulusi wina umene lero timati poliyesitala. Kampani ya ICI idaugulitsa ndi dzina lakuti Terylene, ndipo m'chaka cha 1959 idatulutsanso Crimplene, nsalu yochindikala yosakwinyika imene amai athu adaikonda kwabasi. Ulusi wonsewu gwero lake ndi mafuta okumbidwa pansi, omwe aja amatipatsa petulo ndi parafini. Kunena mosabisa, poliyesitala ndi pulasitiki yemweyo amene amapangira mabotolo a madzi akumwa, kungoti wakokedwa kukhala ulusi. Tsono gogo uja ponena za jumbo sadaphonye.

Kuno kwathu nsaluzi zidafika m'masutikesi a amuna obwera ku Joni ndi ku Halale m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Agogo anga amasimba kuti mnyamata wovala shati ya nailoni yoonekera mkati ndi buluku la terelini ankatembenuza makosi mudzi wonse. Ndipo tisaŵaseke, pakuti kukonda kwawoko kudali ndi zifukwa. Nsalu yatsopanoyo inkauma msanga ngakhale nthaŵi ya dzinja, siinkakwinyika, siinkasuluka, njenjete sizinkaidya, ndipo inkakhalitsa. Kwa mai wotunga madzi kutali, wosoŵa sopo, wokoleza makala m'simbi Loŵeruka lililonse, chovala chosalira kusita chidali mpumulo weniweni.

Pambuyo pake kudabwera kaunjika, amene adawanda kwambiri, pamodzi ndi zovala ndi zitenje zotsika mtengo zochokera ku Asia. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 poliyesitala adapitirira thonje padziko lonse, ndipo lero kuposa theka la ulusi wonse umene anthu amapanga ndi poliyesitala. Chotero m'mibadwo iŵiri yokha tachoka pa chovala chimene tinkachidziŵa kuyambira kumunda, tafika pa chovala chimene tikungochitola pamulu, osadziŵa kuti nchopangidwa ndi chiyani ndiponso kuti adachisokera dziko lotentha kapena lozizira. Paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyeni tsopano tiung'ambe mkuyuwo tione.

Thukuta

Thupi la munthu limafuna kukhala pa madigiri 37. Likatentha, timabowo ta pakhungu toposa mamiliyoni aŵiri timatulutsa thukuta, ndipo thukutalo likamauma ndi pamene thupi limazizira. Munthu wolima padzuŵa angathe kutaya thukuta loposa lita imodzi pa ola. Nsalu iliyonse imene yakhala pakati pa khungu ndi mpweya imathandiza ntchito imeneyi kapena imaisokoneza.

Akatswiri adayesa kuchuluka kwa chinyezi chimene ulusi umamwa kuchokera mumpweya. Pa magalamu 100 alionse, thonje limamwa magalamu pafupifupi 8, nailoni pafupifupi 4, ubweya wa nkhosa oposa 13, pamene poliyesitala samafika ndi theka la galamu lomwe. Ndiye kuti shati ya poliyesitala yoombedwa mothithikana imasiya thukuta lili chikhalire pakhungu. Khungu likakhala lonyowa nthaŵi yaitali timabowo tija timatsekeka, ndipo pamabuka nsungu zing'onozing'ono zoyabwa. Zimenezo ndizo zidavuta ana anga a sukulu aja. Pamalo obisika, monga m'mphechepeche, m'khwapa, kunsi kwa maŵere ndi pakati pa zala zakuphazi, kutentha ndi chinyezi zimakometsera tizilombo toyambitsa zipere ndi linyetsu. Nchifukwa chake azaumoyo amalangiza kuti zovala zam'kati ndi masokosi zikhale za thonje ndiponso zosathina.

Nanga fungo? M'chaka cha 2014 ofufuza a pa yunivesite ya Ghent, ku Belgium, adasonkhanitsa malaya a anthu 26 amene adachita maseŵera olimbitsa thupi. Adapeza kuti malaya a poliyesitala ankanunkha koposa a thonje, ndipo kuti tizilombo ta mtundu wa Micrococcus tinkaswana kwambiri pa poliyesitalayo. Choncho mnzanu akamanunkha thukuta pa minibasi, musafulumire kumuweruza monga ndidachitira ine; mwina mlandu uli pa shati.

Utoto ndi simbi

Nthaŵi zambiri chimene chimayambitsa ziŵengo si ulusi weniweniwo koma mankhwala amene aikidwapo. Popeza poliyesitala samwa madzi, amamunyika ndi utoto wapadera umene wina umatsalira pamwamba pa ulusi, ndipo thukuta ndi kukhuzana zimausamutsira pakhungu. Madokotala a khungu adapeza kuti utoto wotere, makamaka wobiriŵira moderako ndi wakuda, umatupitsa ndi kuyabwitsa anthu ena pamalo pamene chovala chathina, monga m'chiuno ndi m'mbali mwa khwapa.

Pali vuto linanso limene opanga nsalu a ku Ulaya sakadaliganizira, chifukwa kwawo kulibe. Kuno kuli ntchentche imene imaikira mazira panthaka yonyowa ndi mkodzo, kapena pazovala zoyanikidwa pansi ndi pamthunzi. Mazirawo akaswa, timphutsi timaboola khungu ndi kukuliramo, ndipo pamatuluka chotupa chonga chithupsa, makamaka kwa makanda. Chimene chimapha mazirawo ndi simbi yotentha. Amai a kale ankasita chilichonse, ngakhale mateŵera, ndipo posita ankatchinjiriza ana awo. Tsono nsalu ya makono tidaikonda chifukwa siilira kusita, ndiponso simbi ya makala ikatentha kwambiri imaisungunula. Potaya simbi tidataya ndi mlonda yemwe. Yanikani zovala pachingwe, padzuŵa, ndipo za ana zisiteni ndithu, poyalapo kansalu ka thonje pamwamba ngati chovalacho nchosungunuka.

Moto

Apa ndipo pamene nkhaniyi ikukhudza moyo weniweni, pakuti ambiri a ife timaphika pamafuwa kapena pambaula, timaotha moto mwezi wa Juni, ndipo kandulo ndi koloboyi sizidachoke m'nyumba zathu. Ndisakunamizeni kuti thonje silipsa. Limayaka, ndipo chitenje chopepuka chimayaka msanga. Koma thonje likapsa limasanduka phulusa. Nailoni ndi poliyesitala zimayamba zakwinyika, kenaka pa madigiri pafupifupi 250 zimasungunuka, kudontha, ndi kumatirira pakhungu ngati phula lotentha, ndipo bala lake limaloŵa mozama. Nsalu yosakaniza thonje ndi poliyesitala ili ndi zoipa zonse ziŵiri: thonje limagwira laŵi, poliyesitala nkumasungunukira pomwepo. Ubweya wa nkhosa ndiwo umavuta kuyaka.

Phunziro limeneli ngakhale maiko olemera adaliphunzira moŵaŵa. Pa nkhondo ya ku Falklands m'chaka cha 1982, zombo za Britain zitaphulitsidwa, yunifolomu za ulusi wa m'fakitale zidasungunukira pamatupi a asilikali a pamadzi, ndipo pambuyo pake akuluakulu awo adabwerera ku zovala za thonje. Ngati asilikali adaona chomwecho, nanga kamtsikana kovala diresi la nailoni kamene kakukwaŵa pafupi ndi mbaula?

Ngozi ikachitika, munthuyo asathamange. Agone pansi ndi kugubuduka, kapena mumufunditse bulangete lochindikala kuti moto uzime. Thirani madzi ozizira aukhondo pabalapo kwa mphindi 20. Nsalu imene yamatirira musaimatule. Musapakepo dzira, mankhwala otsukira mano kapena mafuta ophikira. Phimbani ndi nsalu yoyera ndipo thamangirani naye kuchipatala.

Mbali inayo ya nkhani

Wina angaganize kuti ndikuti cha m'munda chonse nchabwino, cha m'fakitale chonse nchoipa. Mbiri siikutero. Taona kale kuti chiwondo chinkasunga nsabwe. Juzi ya ubweya wokakala imalasa khungu ndi kuyabwitsa ngakhale munthu wopanda nthenda. Thonje limamwa thukuta koma limachedwa kuuma, kotero kuti wokwera phiri la Mulanje kapena woyenda m'chiperoni atavala thonje lonyowa amazizidwa koopsa, ndipo theŵera la thonje likakhalitsa lonyowa limasupula mwana. Malaya ena a thonje osakwinyika amaŵaika mankhwala a formaldehyde amene amayabwitsa anthu ena. Ngakhale silika, nsalu yofeŵa ya mafumu, siichita zozizwitsa: m'chaka cha 2017 ofufuza a ku Nottingham adalengeza zotsatira za kafukufuku wa ana 300 odwala nthenda ya khungu yoyabwa yotchedwa eczema, ndipo adapeza kuti zovala za silika sizidaonjezere kanthu pa chithandizo cha nthaŵi zonse.

Ulusi wa m'fakitale nawonso watichitira zabwino. Masikito amene akuteteza ana athu ku malungo ndi a ulusi womwewu. Majasi a mvula, mabulangete otsika mtengo ndi zovala zopepuka za oseŵera mpira, zolukidwa motakasuka kuti thukuta lituluke, ndi zomwezo. Nsalu ya poliyesitala yoombedwa mothithikana imatchinga cheza cha dzuŵa kuposa kansalu kopyapyala koyera ka thonje, ndipo mfundo imeneyi njofunika kwa abale athu achialubino, amene khungu lawo limapsa ndi dzuŵa mpaka kuyambitsa khansa. Palinso visikosi, wopangidwa m'fakitale kuchokera ku mitengo, amene amamwa chinyezi kuposa thonje lomwe. Khungu silifunsa dzina la nsalu. Limafunsa ngati mpweya ukudutsa, ngati thukuta likuuma, ngati chovala chathina, ndiponso ngati chachapidwa.

Tibweze nzeru ya zala

Omvera athu, sitingabwerere ku chiwondo, ndipo thumba la ambiri a ife silingatilole kutaya kaunjika. Chimene tingabweze ndi chizoloŵezi cha makolo chodziŵa chimene tavala. Safunsa adadya phula.

Mukatola chovala pamulu, funani kansalu kolembedwa kamene kamakhala m'khosi kapena m'mbali. Pakalembedwa Cotton ndiye thonje. Polyester, Nylon ndi Acrylic ndi ulusi wa mafuta. Ndipo manambala monga 65 ndi 35 akukuuzani m'mene asakanizira. Ngati kansaluko kadachoka, kapena mukugula chitenje, yang'anitsani nsaluyo padzuŵa muone ngati kuŵala kukudutsa, ndipo mukafika kunyumba donthezanipo madzi: thonje lochapidwa limamwa pomwepo. Mungathenso kusolola ulusi umodzi kumpendero ndi kuutentha mosamala pabwalo, kutali ndi ana. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa nkusiya phulusa lofeŵa, ubweya umanunkha ngati tsitsi, pamene poliyesitala amakwinyika nkusiya kamkanda kolimba.

Ndalama zikachepa, yambani ndi chimene chimagunda khungu: zam'kati, zogonera, zovala za makanda, ndi chitenje chophikira. Zimenezo zikhale za thonje. Jekete ndi siketi zakunja zingathe kukhala za ulusi wina uliwonse. Chovala chatsopano kapena cha pakaunjika chichapeni musanachivale. Ndipo inu a makomiti a sukulu, makamaka a kuchigwa ndi a kunyanja, posankha nsalu ya yunifolomu musaone mtengo ndi mtundu wokha; kumbukirani kuti mwana adzakhala m'nsaluyo tsiku lonse pansi pa malata otentha.

Mnyamata uja agogo ake adamsoketsera shati ya thonje ya mtundu womwewo wa sukulu, ndipo pasanathe milungu iŵiri kukanda kudaleka. Ine ndidapita kwawo kukapepesa, ndipo gogoyo adangoseka nandipatsa mpando.